Kampani yokonza maulendo a ku World Cup: yodalirika pa malo ogona, yokanika pa tsiku lobwerera

Makampani okonza maulendo a anthu okaonera mpira amagulitsa zonse pamtengo umodzi: tikiti ya ndege, malo ogona, mayendedwe opita kubwalo ndi matikiti a masewero. Ine ndinagwiritsa ntchito kampani yotereyi pa mpikisano wa World Cup womwe unachitikira ku Qatar kuyambira pa 20 November mpaka pa 18 December 2022, ndipo maganizo anga ndi akuti inandithandiza kwambiri pa zimene zinali zovuta kuzipeza ndekha, koma inalephera kumvetsa kuti ulendo wa mpira umayendera zotsatira za m'bwalo.

Ntchito imene inagwiridwa bwino ndi ya malo ogona. Qatar ndi dziko laling'ono, zipinda zinali zosowa, moti ochemerera ambiri ankagona m'timakontena tokonzedwa ngati zipinda, ena m'sitima zapamadzi zoimikidwa padoko la Doha, pomwe ena ankagona ku Dubai n'kumakwera ndege tsiku la masewero. Kampaniyi inatipezera nyumba yoyandikana ndi siteshoni ya sitima, yaukhondo, yokhala ndi makina oziziritsa mpweya ogwira ntchito. Inatumizanso msanga umboni wa malo ogonawo, womwe unkafunika pofunsira chiphaso cha Hayya, chomwe mlendo sakanalowa m'dzikomo popanda icho. Pamene FIFA inalengeza mu August kuti masewero otsegulira a Qatar ndi Ecuador achitika pa 20 November m'malo mwa pa 21 November, kampaniyi inatidziwitsa mwachangu ndi kufotokoza amene kusinthako kunawakhudza, ndipo apa ndiyenera kuiyamikira.

Ndalama ya mayendedwe inali yongotayika. Aliyense wokhala ndi Hayya ankakwera sitima ya Doha Metro ndi mabasi a mpikisano mwaulere, ndipo sitimayo inkafika pafupi ndi mabwalo a Lusail, Education City, Khalifa ndi 974. Basi ya kampani inkanyamuka molawirira kwambiri, n'kukaima patali ndi zipata chifukwa misewu yozungulira bwalo inali yotseka. Inathandizako pokhapokha popita ku Al Bayt, bwalo la ku Al Khor komwe sitima sifika.

Chimene chinandiwawa ndi tikiti ya ndege. Ulendo wonse unamangidwa pa ndime ya magulu, yomwe inatha pa 2 December, ndipo tsiku lobwerera silikanasinthika popanda kugula tikiti ina pamtengo wa nthawi imeneyo, womwe unali utakwera koopsa. Mfundo imeneyi inalembedwa m'malemba ang'onoang'ono kumapeto kwa mgwirizano, ndipo wogulitsa sanaitchule pokambirana, ngakhale kuti aliyense wodziwa mpira amazindikira kuti palibe amene angalosere timu yopitirira. Amene ankatsatira Germany kapena Belgium sanadandaule, popeza matimu awo anatuluka mu ndime ya magulu. Koma ife amene mitima yathu inali pa Morocco tinanyamula zikwama timuyo itangotsogola gulu lake, ndipo tinaonera pa kanema pamene inkatulutsa Spain pa mapenate pa 6 December, kenako Portugal ndi chigoli chimodzi kwa duu pa 10 December, n'kukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime ya matimu anayi. Nditapempha kuti andionjezere masiku, wondiyankha anali waulemu ndithu, koma analibe mphamvu yosintha chilichonse.

Pa matikiti a masewero panalibe vuto lolowera, chifukwa anafika pa foni nthawi yabwino, ngakhale mtengo wake unali wapamwamba poyerekeza ndi umene FIFA inkagulitsira mwachindunji.

Ndingaigwiritsenso ntchito kampaniyi, koma pa malo ogona okha, ndipo tikiti ya ndege ndingagule ndekha, yolola kusintha tsiku. Nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri pa mpikisano ngati wa 2026, wa matimu 48 ndi masewero 104 m'mizinda 16 ya ku United States, Canada ndi Mexico, kumene timu ikapitirira masewero otsatira angakhale mumzinda wakutali kapena m'dziko lina lofuna chiphaso chakechake. Musanalipire, funsani kuti akulembereni papepala zimene zidzachitike timu yanu ikapambana, ndiponso ndalama zimene mudzabwezeredwe ikatuluka msanga.