Penti wa Vallejo Game Color: miyezi 7 ndikupentera tizidole kuno ku Thyolo

Mlamu wanga wa ku Joni atabwera pa Khirisimasi anandibweretsera timabotolo 12 ta penti wa Vallejo Game Color. Mayina ndinachita kumulembera pa WhatsApp limodzilimodzi kuopa kuti angasokoneze, chifukwa kuno ukafunsa penti wopentera tizidole amakulozera zitini za penti wa nyumba. Tizidole take ndi ta masewera a Warhammer 40,000, a kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, omwe anayamba mu 1987. Ine ndili ndi ma Ork 20, zimphona za khungu lobiriwira, koma kamodzi kutalika kwake n'chimodzimodzi chala chachikulu cha kumanja. Timasewera anthu atatu basi, Loweruka, pa thebulo lodyera mayi akunyumba akalola.

Kale ndinkagwiritsa ntchito penti wa m'machubu amene ndinagula mu shopu ina ya zolembera ku Limbe. Anali wokhuthala ngati phala logona, ndipo ankakwirira chilichonse: mano, zipolopolo za palamba, makwinya a pamphumi. Kachidole kankatuluka kali bulibuli. Ndiye tsiku loyamba kugwira wa Vallejo ndinadabwa. Ndi penti wa ku Spain, wosungunula ndi madzi wamba, m'kabotolo kosakwana 20 ml kokhala ndi kakamwa kosongoka ngati ka mankhwala a m'maso. Umafinya dontho limodzi n'kutseka, wotsalayo osakhudzana ndi mpweya. Dontho la penti, kadontho ka madzi, kupaka kawiri mopyapyala, makwinya onse aja n'kumaonekabe. Mpaka lero palibe botolo lomwe lafika theka, kupatula Goblin Green.

Koma penti wabwino sakusankhira mitundu. Apa m'pamene ndinavutika, ndipo vuto linali langa.

Kachidole kakang'ono chonchi dzuwa silikapatsa mthunzi wokwanira, ndiye mthunzi ndi kuwala umachita kupenta wekha. M'makwinya mtundu woderapo, pamalo otukuka monga pamphuno, pazigongono ndi pamapewa mtundu wowalirapo. Ine ndinaganiza kuti kuwalitsa n'kuthira woyera. Ndinatenga Goblin Green, n'kusakaniza ndi Dead White, n'kupaka ma Ork asanu usiku umodzi, ndikudzitama mumtima. M'mawa mphwanga atawaona anandifunsa kuti, "Malume, awawa mwawapaka phulusa?" Ananena zoona. Woyera amapha wobiriwira, amamusandutsa wotuwa, khungu n'kumaoneka ngati la munthu wodwala.

Yankho ndinalipeza ndili mu minibasi, mu February, tikudutsa m'minda ya tiyi popita ku Limbe. Tiyi ndamuona moyo wanga wonse koma sindinamuyang'anepo ngati wopenta. Pansi pa chitsamba masamba akale ndi obiriwira moderako, pafupifupi akuda. Pakati ndi obiriwira wamba. Pamwamba, pamene othyola amatengapo masamba awiri ndi kamphukira, nsonga zanthete zimapendekera ku chikasu. Palibe choyera paliponse, koma munda wonse umawala ngati wayatsidwa. Nditabwerera ndinapaka Dark Green thupi lonse, kenako Goblin Green ndikusiya m'makwinya, kenako Goblin Green wosakaniza ndi Sun Yellow pang'ono pa minofu yotukuka, pomaliza kachikasu kochulukirapo pansonga ya mphuno ndi m'mphepete mwa makutu. Ork ameneyo nditamuimika pakati pa anzake asanu aja, iwo ankaoneka ngati mizukwa yomuperekeza.

Wofiira nayenso khalidwe lake ndi lomwelo. Ukathira woyera mu Bloody Red umapeza pinki, ndipo msilikali wolusa wovala pinki ndi nkhani yoseketsa. Ndimawalitsa ndi Hot Orange, kamzere kochepa kwambiri, apo ayi chovala chonse chimasanduka cha olenji. Zikopa za malamba ndi nsapato ndimasakaniza Leather Brown ndi Bonewhite, amene ndi woyera wopita ku mtundu wa fupa. Bonewhite ameneyu ndi amene ndingalangize aliyense kuti asamusiye pogula. Amagwira pa mano, pa nyanga, pa nsalu, ndipo Dead White weniweni tsopano ndimangomugwiritsa ntchito pa kadontho ka m'diso.

Za m'mphepete mwa zida ndi zishango, ndinataya masabata ndikulimbana ndi nsonga ya burashi, dzanja likunjenjemera. Mnzanga wina wosewera naye ndi amene anandionetsa kuti umagoneka burashi cham'mbali n'kuikoka pang'onopang'ono pamphepete pakuthwapo, penti amatsalira yekha pamzere. Zigongono zonse ziwiri pathebulo, zikhatho zogundana. Pa ntchito imeneyi penti ameneyu amamvera, bola usamusungunule kwambiri ngati popaka thupi, chifukwa akachuluka madzi amathawira m'ngalande.

Zina zoti mudziwe musanatume munthu. Wachikasu ndi wofooka pa chakuda, ndipo ndi mmene ulili utoto wachikasu kulikonse. Ndinapakapo kasanu pa chipewa chakuda osatheka, mpaka ndinaphunzira kuyamba ndayala Bonewhite pansi. Mabotolo amafuna kukhutchumula kwambiri, makamaka Gunmetal, wooneka ngati chitsulo, poti tizitsulo take timakhazikika pansi. Tsiku lina ndinachita ulesi, kunatuluka madzi otuwa okhaokha. Kukamwa kwa botolo muzipukuta mukatha. Ine ndinasiya penti ataumirapo, n'kufinya mwamphamvu, kachivindikiro n'kufwamphuka, Magic Blue thoo pa nsalu ya pathebulo. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, asilikali anuwa agula ina?" Ndinagula ndine.

Dontho likakhala pa mbale youma siliona mphindi zambiri. Ndinatenga kontena ya majarini, n'kuikamo siponji yonyowa, pamwamba pake pepala lophikira keke. Penti amakhala wamoyo madzulo onse, nthawi zina mpaka mawa lake, ndipo mitundu itatu ya khungu ija ndimaisakaniza kamodzi n'kupentera ma Ork anayi motsatizana. Mu June ndi July muno chiperoni chikagwa nkhani imatembenuka: chopaka choyamba chimachedwa kuuma, ndipo ukapupuluma kupaka chachiwiri burashi imakokolola choyambacho. Ndimangopenta awiri mosinthanasinthana. October ndi kutentha kwake sitinakumane nayebe, ine ndi pentiyu.

Kuwala kwa nyali nako kumanama. Babu wathu wa pabalaza ndi wachikasu, ndiye usiku zonse zimaoneka zokoma, m'mawa n'kupeza kuti ndinapitirira muyeso. Mitundu ndimasankha pakhonde Loweruka m'mawa, ndipo ndikamaliza ndimaika kachidole pathebulo n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri, poti posewera anthu amakaonera patali choncho. Kuwala komwe pafupi kumaoneka kokokomeza, patali kumakhala kokwanira ndendende.

Ndalama yake si yamasewera ukaisintha kukhala makwacha, ndipo mlamu anandiyang'ana kawiri popereka lisiti. Komabe ndamutumanso. Ulendo uno ndalemba Goblin Green wina, buluu wotuwa wowalitsira zovala zakuda, ndi burashi imodzi ya nambala 1. Ma Ork asanu aphulusa aja ndawaviika mu sipiriti kuti penti achoke, akudikira m'kabotolo ka jamu pawindo.