Kutchova njinga pa Nyika: nyenyezi 4, koma muziwauza anthu zoona za zitunda

Ine njinga ndakula nayo kuno ku Chipata, abambo anali ndi Eagle ija imene ankapanga pompano ku Luangwa Industries, ndipo mpaka manje Loweruka lililonse ndimatchova msewu wa ku Mwami olo wa ku Chadiza kukabwerako. Ndiye alamu anga a ku Lundazi atandiuza kuti kuli mnyamata wina wa ku Rumphi amene amabwereketsa njinga za m'mapiri komanso kuperekeza anthu kuzungulira mu paki ya Nyika, kumpoto kwa Malawi, sindinafunse zambiri, ndinangoti alamu tiyeni. Tinapita mu Julaye, anthu atatu, ine, alamuwo ndi mnzanga wa kuntchito. Ndemanga iyi ndi ya sevisi imene tinalipira, njinga ndi wotiperekeza, malo ogona ndi nkhani ina.

Kapitidwe kake mwachidule: tinadzera ku Lundazi, kuoloka boda pa Lusuntha, Mzimba, Mzuzu kenako Rumphi. Mafuta mudzadziretu ku Mzuzu kapena ku Rumphi chifukwa pamwamba paja palibe filing'i. Kuchoka pa Rumphi kufika pa geti la Thazima ndi makilomita 50 ndi kapamwamba, ndipo kuchoka pa geti kufika ku Chelinda, kampu ya alendo ya mkati mwa paki, ndi ena pafupifupi 60, fumbi lokhalokha, motoka yaing'ono musayese. Ndalama yolowera mu paki ndi yapadera, mnyamata uja anatiuziratu pa foni ndipo pa nkhani ya ndalama sanatibise kanthu, zimene ananena pa WhatsApp ndi zomwezo tinalipira, palibe za "onjezerani pang'ono bwana" titafika. Apa ndiwayamike.

Chimene sanatiuze bwino ndi kulimba kwa njirayo. Pa foni anati aliyense amene amatchova angathe, ndi timapiri chabe. Abale anga, si timapiri chabe ayi. Chelinda ili pamwamba kupitirira mamita 2,000, pamene Chipata yathu ili pa 1,000 ndi kapamwamba pang'ono, ndiye mpweya kumeneko ndi wopepuka, umakoka koma sukukwana m'chifuwa. Chitunda choyamba titangotuluka m'mitengo ya paini ya ku Chelinda, chimene kuno ndikanakwera ndikucheza, mtima unali kugunda mpaka m'makutu ndipo ndinali nditatsitsa kale magiya onse. Ndipo Nyika sikuti umakwera kamodzi n'kupuma ayi, ukakwera umatsika kukaoloka kadambo, n'kukweranso, n'kutsikanso, tsiku lonse chimodzimodzi, ukaona pamwamba n'kumati pafika, kuseri kwake kuli china chikukudikira. Mnzanga wa kuntchito amene satchova kawirikawiri anakankha njinga pa zitunda zambiri ndipo masana anali atayamba kumva mutu. Akanauzidwa zoona akanakonzekera miyezi iwiri, olo akanasankha njira yaifupi ya ku madamu. Nyenyezi imodzi ndachotsera pamenepa komanso pa mabuleki, ndifikapo.

Kuzizira nakonso. Tinadzuka cha m'ma 6 udzu uli mbuu ndi chisanu, madzi a mu beseni panja atagwira pamwamba. Ine ndinanyamula juzi imodzi poganiza za Julaye wa kuno kwathu, koma kuja ndi dziko lina, zala zimauma pa mahandulo moti kufinya buleki kumavuta. Wotiperekeza anandibwereka magolovesi ake iye n'kuvala masokosi m'manja. Sindidzaiwala zimenezo. Kenako dzuwa likakwera limaotcha khungu koma mphepo siileka, ndiye umavula, umavala, umavula. Nyamulani zovala zopyapyala zingapo, osati chijasi chimodzi.

Njinga zake zinali za magiya ambiri, matayala onenepa, zooneka kuti zagwira ntchito koma tcheni chothira mafuta bwino. Ya alamu inalibe vuto lililonse tsiku lonse. Yanga chishalo chinali cholimba ngati thabwa, ndipo msewu wa kumeneko malo ambiri uli ndi timabampu totsatizana ngati malata, pena miyala yoyera yakuthwa yongomwazika, pena mchenga pa kona pomwe sumayembekezera. Pakutha pa maola atatu ndinali kuima pa mapedulo kusiyana ndi kukhala. Amene muli ndi chishalo chanu chimene munazolowera, masulani munyamule, n'chopepuka.

Koma zimene maso anaona! Ife a ku Eastern tikamva paki timaganiza za ku Mfuwe, kutentha, mitengo ya tsanya, kashembe, kukhala mu motoka osatsika. Nyika ndi zosiyana kotheratu, ndi udzu wokhawokha mapiri ogudubuzika mpaka kumene maso alekezera, timinkhalango tobiriwira tobisala m'zigwa, kumwamba kuli pafupi ngati ungakugwire. Ndi paki yaikulu kuposa onse ku Malawi, masikweya kilomita oposa 3,000, anaikhazikitsa mu 1965. Ndipo pa njinga palibe phokoso la injini, ndiye nyama sizithawira kutali. Tisanafike pa Chosi, chitunda choonerapo patali, tinapeza mbidzi zili pa lupsa pomwe a paki anatentha udzu, zikudya msipu wongophuka kumene, zinangotukula mitu kutiyang'ana n'kupitiriza kudya. Patsogolo pang'ono achilembwe, nyanga zopindikira kumbuyo nkhope ngati anaipaka penti yakuda ndi yoyera, ine ndinali ndisanaonepo chilembwe pafupi choncho moyo wanga wonse. Ntchefu tinaziona patali pa chitunda, zazikulu kuposa ng'ombe zathu za ku Katete, ndipo mphoyo ndi njiri ndiye zosawerengeka. Anyalugwe ndi afisi aliko, ife tinangoona mapazi a fisi pa matope, ndipo wotiperekeza anatiuza kuyambira m'mawa kuti palibe wotsogola yekha, palibe wotsalira yekha, ndipo lamulo limeneli analisunga ndithu, mnzanga akatsika kukankha iyenso amatsika kuyenda naye.

Pa Chosi tinakhala nthawi, mphepo ikuomba zedi, iye akutilozera uku ndi uku, kumpoto kumene kuli Nganda, nsonga yaitali ya Nyika yonse, mamita pafupifupi 2,600. Ndi munthu wodziwa malo ake, osati zoloweza. Alamu anayamba naye Chitumbuka ndiye nkhani zinatuluka zambiri, za anthu amene anasamutsidwa pamene paki anaikulitsa mu 1978, za mapaini a ku Chelinda amene anabzalidwa nthawi ya atsamunda m'ma 1950.

Pamene pananditenga mtima ine ndi pa msewu wa m'malire. Pali chigawo chimene msewu umayenda ndi boda, dzanja ili Malawi, dzanja ili Zambia. Inde, nafenso tili ndi Nyika National Park yathu, kachigawo kakang'ono ka masikweya kilomita pafupifupi 80, ndipo nkhalango ya Chowo ili mbali yathu, mitengo italiitali yakalekale, mkati mwake mdima ndi fungo la chinyezi ngakhale mu Julaye. Koma kuti Mzambia ufikeko pa motoka uyenera kudzera ku Malawi. Ndinaimika njinga, ndinaponda mbali ya kwathu, ndipo ndinamva chisoni kuti ndafika zaka zonsezi, ana anga aphunzira za Victoria Falls ndi South Luangwa kusukulu, koma za malo awa palibe anawauzapo, ngakhale ine bambo wawo.

Ndi komwekonso anationetsa timaenje m'mbali mwa dambo. Anati achimwene mukuziona izi, ndi anthu okumba chinaka. Chinaka ndi chikanda chathu chomwechi. Nyika ili ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa aja a orchid amene amaphuka nthawi ya dzinja, ndipo tizinthu ta pansi pake ndi timene amapangira chikanda, anthu amalowa mobisa kukumba n'kugulitsa, zambiri n'kuolokera kwathu kuno. Ine chikanda ndimachikonda, ndimagula pa Kapata kawirikawiri, ndipo sindinaganizepo kumene chimachokera. Sanandinyoze, anangofotokoza kuti ukakumba wachotsa mbewu yonse, chaka chamawa palibe duwa pamenepo. Mpaka lero ndikachiona pa msika ndimakumbuka timaenje tija.

Manje za mabuleki. Pobwerera, tisanafike ku nyanja ya Kaulime, pali potsetsereka patali ndithu pa miyala, ndinafinya buleki ya kumbuyo n'kumva chitsulo chikukhuza chitsulo, njinga osaima bwino. Mapadi anali atatha. Ndinagwiritsa ya kutsogolo pang'onopang'ono mpaka ndinaima, miyendo ikunjenjemera, chifukwa pa miyala yotere ukafinya ya kutsogolo mwamphamvu umauluka. Wotiperekeza anapepesa kwambiri, anandipatsa njinga yake iye n'kutenga yanga, ndipo anatsika nayo mosamala mpaka kumapeto. Anachita bwino, koma chinthu chimenechi chimayenera kuonedwa usiku wake njinga zisanatuluke. Kuja netiweki ndi ya apo ndi apo, chipatala chachikulu chili ku Rumphi, maola angapo pa msewu wa fumbi. Munthu akathyoka kumeneko si masewera. Ndinamuuza pamaso ndipo ndikulembanso pano, mapadi ndi otchipa, gulani a sipeya muziyenda nawo. Chubu, zigamba ndi pampu anali nazo, tayala la mnzanga litaphwa analikonza msangamsanga, ndiye n'zotheka.

Pa Kaulime tinadya nkhomaliro imene anatikonzera, buledi, mazira owiritsa, nthochi ndi tiyi wa mu fulasiki amene anali akadali wotentha. Ndi kanyanja kakang'ono kachilengedwe, madamu a ku Chelinda aja ndi okumba anthu, ndipo eni dera amakalemekeza, amati muli njoka yaikulu ya mizimu, ndiye tinakhala mwaulemu osaponyamo miyala. Madzi akumwa anatipatsa mabotolo awiri aliyense, kwa ine sanakwane, onjezerani lanu.

Tinalowanso m'mapaini a Chelinda cha m'ma 4 madzulo, foni yanga inaonetsa makilomita 40 ndi kapamwamba, amene kuno ndimamaliza m'maola awiri koma kuja anatidyera tsiku lonse. Kodi ndingabwererenso ndi anthu omwewa? Inde, ndipo ndawauza kale kuti ndikufuna kudzaona maluwa aja, ngakhale akuti nthawi ya mvula msewu umaterera ndipo nkhungu imatseka njira. Koma ulendo uno ndinyamula njinga yanga pa motoka, ndifika tsiku limodzi msanga kuti chifuwa chizolowere, ndipo mwana wanga woyamba ndimutenga akaponde ku Chowo.