Chambo cha mayi wachisilamu pa Liwonde

Tinkachokera ku msonkhano wa chitsitsimutso ku Mangochi, anthu asanu ndi mmodzi m'galimoto ya mpingo, ndipo pofika pa Liwonde njala inali itatikola. Tinaima pa kalesitilanti kena pafupi ndi mlatho wa Shire, ka mayi wina wachiyao wovala hijabu. Pakhomo analembapo kuti nyama yawo ndi ya halaal.

Chambo chawo ndimachilakalakabe mpaka lero. Amakazinga mukaitanitsa, ndiye mumadikira mphindi ngati 30, koma chimabwera chouma bwino kunja, m'kati muli mofewa. Nsima ya ufa woyera inali yotentha, mpiru wotendera osanena. Madzi osamba m'manja anali ofunda, mtsikana akutithirira mmodzimmodzi. Vuto ndi malo: matebulo ndi anayi okha, ndipo masana mumatentha.

Tikudikira, mnyamata wathu wa kwaya, moto wa chitsitsimutso ukadali m'mutu, anaona pakhoma chithunzi cha Kaaba, nyumba yopatulika ya Asilamu ya ku Makka. Anakweza mawu nati, "Mayi, mukupembedza mwalatu inu." Ine manyazi anandigwira mpaka kuyang'ana pansi. Mayi aja anaika mbale patsogolo pake n'kunena kuti, "Idya kaye mwanawe, nsima ikuzizira."

Abusa sanamukalipire pagulu. Anatuluka naye panja, ndipo pobwera mnyamatayo anagwira m'manja n'kupepesa. Kenako Abusa anakokera mpando kwa bambo a panyumbapo n'kuyamba ndi kufunsa. Bambowo anafotokoza kuti mwala sapembedza, amangoyang'ana ku Makka poswali, ndipo Isa, yemwe ife timati Yesu, ndi mayi ake Mariamu amawalemekeza. Abusa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako ananena poyera chimene ife timakhulupirira: Yesu ndi Mwana wa Mulungu, anafa pamtanda ndipo anauka. Bambowo sanavomereze. Palibe amene anakweza mawu, ndipo tiyi anabwera wosaitanitsa.

M'galimoto Abusa anatsegula 2 Timoteo 2:24-25, pamene Paulo akunena kuti mtumiki wa Ambuye asakhale wandewu, koma awalangize mofatsa amene akutsutsana naye. Ine ndinakumbuka za ku Balaka mu 2019, pamene mkangano wa hijabu pasukulu unafika pophwanya tchalitchi ndi mzikiti, mpaka a PAC, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana, kulowererapo. Zimene zija zimayamba ndi mawu ngati a mnyamata wathu, zikapanda kupeza munthu woleza ngati mayi aja. Choonadi sitingachibise, koma zinandipweteka kuti tsiku limenelo kufatsa kumene Baibulo lathu limalamula tinakuona kaye kwa mwini lesitilanti.

Ndabwererako kawiri. Mukafika Lachisanu masana muleze mtima, bambo amakhala ali ku mzikiti ndipo mayi amatsala ndi mtsikana yekha. Muitanitse chambo chachikulu, chimakwana anthu awiri.