Amisiri amene anandikonzera TV itapsa ndi mphenzi

Pali bambo ena ake ali ndi kashopu kokonza ma TV ndi mawailesi mbali ya Malangalanga ku Lilongwe, kufupi ndi depoti ya mabasi, ndati ndilembe za iwowa chifukwa andithandiza zenizeni ndipo dzinja lino ndikudziwa sindine ndekha amene zandionekera.

Ine ndimakhala ku Area 49. Tsikulo kunatentha kuyambira m'mawa, cha m'ma 4 koloko kunada bii mbali ya Mtandire, chimphepo, kenako chimvula madzi kusefukira m'ngalande mpaka pakhonde. Ife akuno mvula ikatere mtima umathamangira ku Lingadzi, za 2017 zija sitinaiwale pomwe mtsinjewu unalowa m'nyumba za anthu, ndiye ine ndinali kalikiliki kukweza matumba a chimanga pa tebulo, za TV osaganizako n'komwe. Kung'anima ndi kugunda zinabwera pamodzi, phaa! kenako fungo la pulasitiki wopsa pabalaza ponse. Mwana wanga wamng'ono analira mpaka usiku. Mulungu ndi wabwino palibe anavulala, koma TV, dikoda ndi tchaja ya foni zonse zii.

Mawa lake ndinakulunga TV mu chitenje n'kukwera nayo minibasi. Shopuyo ndi yothina, ma TV akufa osanjikizana mpaka kudenga, pokhala ndi kabenchi kamodzi basi. Koma bambowo sanayambe ndi mtengo ayi, anayamba ndi mafunso. "Mayi, pulagi inali pakhoma? Nanga chingwe cha dishi?" Ndinati ndinali nditazimitsa pa rimoti. Anatsegula kumbuyo ine ndili pompo n'kundiitana kuti ndione ndekha, fyuzi yakuda, pambali pake kena kozungulira ngati batani la malaya katang'ambika pakati, mwaye uli mbuu pa bodi. Anati kameneko ntchito yake ndi kumeza magetsi akachuluka, zipangizo zathu zimayendera 230 volts koma mphenzi ikagwa pa mawaya olo patali imakankha mphamvu yoposa pamenepo kutalitali, ndiye rimoti kaya switch ya pakhoma sizitchinga kanthu, umayenera kuzula pulagi ndi chingwe cha dishi chomwe, ndiponso uzule mvula isanafike osati kukung'anima kale iwe n'kumagwira mawaya.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya dikoda. Anaiyeza n'kunena kuti mayi apa musataye ndalama zanu, yapsa mkati monse, moto unalowera ku dishi n'kudutsa mpaka pa HDMI imodzi ya TV. Anandiuziratu kuti polowetsa pamenepo sipadzagwiranso, ndizigwiritsa ntchito penapo. Wina akanangolandira zonse n'kumandiyendetsa mwezi wathunthu, ine ndikanadziwa chani? Za TV anandilipiritsa ndalama yosafika ndi theka lomwe la mtengo wa yatsopano, ndipo tizipangizo takupsa anandibwezera m'kajumbo.

Ndinawapempha adzaone kunyumba, anabwera Loweruka ndinangowalipirira transipoti. Filiji inapulumuka ndiye ine ndimati ndi chifukwa cha fridge guard, iwo anati ayi unali mwayi chabe, fridge guard imathandiza magetsi akatsika kapena kukwera ndiponso imadikiritsa filiji magetsi akangobwera kumene, koma mphenzi siingailetse. Kenako anazungulira kuseri pansi pa mita, anafukula pang'ono ndi kamtengo n'kupeza waya wobiriwira ndi chikasu uja, wa earth, wotaya magetsi m'nthaka pakakhala vuto, uli woduka, chitsulo chake chokhomedwa pansi chili pachokha. Zikuoneka kuti wina anaudula ndi khasu polima maluwa kalekale. Nyumba yonse tinkakhala opanda earth osadziwa! Anakana kuulumikiza okha, anati iyi ndi ntchito ya wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, uzani alandilodi. Aneba ena anali atayamba kale zoti mphenziyo ndi yotumizidwa, ine zimenezo zinandivutitsa maganizo masiku angapo, koma nditauona wayawo ndi maso anga mtima unakhala pansi.

Zodandaula zilipo. Anati masiku atatu koma zinatenga masiku 9 akuti bodi imasowa, zimenezo ndikumvetsa, koma foni sayankha ndiye ndinapita kawiri pachabe m'matope amenewa. Lisiti ndinachita kupempha, ndipo inuyo mukapita pemphani, alembepo chomwe asintha. Nthawi ino kumakhalanso anthu ambiri, tsiku lomwe ndinkatenga yanga panali ena atatu onse nkhani yake ya mphenzi, wina wochokera ku Kawale atanyamula inverter ya sola.

TV ikugwira bwinobwino sabata yachitatu ino. Alandilodi anabweretsa wamagetsi earth analumikiza, dikoda ndikudikira malipiro a mwezi uno. Mukamapita pitani m'mawa, ndipo nyamulani ndi zingwe zonse chifukwa amafuna kuyeza chilichonse.