Firiji yaing'ono ya -80°C yonyamula pagalimoto: nyenyezi 4 mwa 5

Ndimagwira ntchito mu labu yosunga magazi a anthu olowa nawo kafukufuku, ndipo magazi athu ambiri timakawatenga ku zipatala zing'onozing'ono za ku Chikwawa. Amene anafikako m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kutentha kwa ku Chigwa cha Shire kumapyola madigiri 40. Plasma yathu, madzi a m'magazi amene amatsala maselo akachotsedwa, imakayezedwa ndi makina a LC-MS, olekanitsa ndi kuyeza zimene zili m'sampulo, kufufuza mafuta a m'magazi ndi ma metabolite, tinthu tating'ono timene thupi limapanga likamagaya chakudya. Firiji iyi, ya malita 25, taigwiritsa ntchito chaka chathunthu tsopano.

Tisanaigule, tinkaika plasma mu firiji wamba ya -20°C, kudikira ulendo wa ku labu ku Blantyre. Plasma imaundana ndithu, imaoneka ngati yagona tulo, koma mkati mwake ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi, amakhala akugwirabe ntchito pang'onopang'ono. Amadula mafuta a mtundu wa phosphatidylcholine, mwakuti zidutswa zake, LPC ndi mafuta omasuka, zimakwera. Glutamine, yomwe thupi limamangira mapuloteni, imatsika posanduka glutamate, glutamate n'kukwera. Mafuta ngati DHA, omwe timawapeza kwambiri m'nsomba, amawonongeka ndi mpweya wa oxygen. Chimene chimandiwawa mtima n'choti makina sakuuzani kuti sampulo yawonongeka. Amakupatsani nambala yooneka bwino, inu n'kumalemba kuti mayi uyu ali ndi vuto m'thupi, pomwe vuto lili mu firiji. Mayi amene anayenda mtunda wapansi kudzapereka magazi ake sayenera kuchitiridwa zotero.

Tinayesapo dry ice, mpweya wa carbon dioxide woundana, yemwe amazizira mpaka -78.5°C, koma kumupeza n'kovuta ndipo amatha m'njira. Nitrogen wamadzi wa -196°C ndiye mfumu ya zonse, kungoti kudzazitsa thanki nthawi ndi nthawi ndi ndalama zimene pulojekiti yathu ilibe.

Firiji iyi timailumikiza ku batire ya galimoto ya 12V, tikafika n'kuisamutsira ku soketi ya pakhoma. Ndinaikamo kachipangizo kanga kolemba kazizidwe, chifukwa nambala ya pachitseko sindiikhulupirira payokha. Pokwera zitunda za Thabwa dzuwa likuswa mtengo, mzere wa kazizidwe wa pa kompyuta unakhala wowongoka, osagwedezeka. Phokoso lake ndi lochepa, moti anamwino sadandaula ikamalira m'chipinda chawo. Chiyambireni kuigwiritsa ntchito, masampulo oyesera amene timagawa pawiri, ena kusiya mu labu ena kupita nawo kumudzi, akubwera ndi zotsatira zofanana, ndipo anzathu oyeza anasiya kutifunsa za glutamate wokwera.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa izi. Imatenga maola angapo kuti ifike pa -80°C, choncho muiyatse usiku ulendo uli mawa. Mukaika timabotolo tambiri tofunda nthawi imodzi, kuzizira kumabwerera m'mbuyo ndipo imachedwa kudzikoka. Ife timayamba taziziritsa plasma pa ayezi. Injini ya galimoto ikazima imamwa batire, tsiku lina tinachita kukankha galimoto pachipatala, kotero tinagula batire yachiwiri. Alamu yake imangolira pomwepo, situmiza uthenga pafoni, ndiye magetsi akazima usiku jenereta osayaka mumadzadziwa m'mawa. Kulemera kwakenso kumafuna anthu awiri.

Pali zina zimene firiji singakukonzereni. Magazi akakhala pa tebulo maola awiri musanawapukuse m'makina olekanitsa plasma ndi maselo, maselo ofiira amakhala atadya shuga n'kutulutsa lactate, chotsalira cha shugayo, ndipo kuzizira kulikonse kudzangosunga kulakwitsako. Ife timaika machubu a EDTA, mankhwala oletsa magazi kugwirana, pa ayezi n'kupukusa ola lisanathe. Timagawanso plasma m'timabotolo ting'onoting'ono tingapo, kuti aliyense wofuna kuyeza asungunule kake kokha, chifukwa kusungunula ndi kuundanitsanso mobwerezabwereza kumasintha mafuta omwewo.

Ngati ntchito yanu ndi ya DNA yokha, firiji ya -20°C ikukwanirani kwa miyezi ingapo, musawononge ndalama. Koma ngati mukuyeza mafuta ndi ma metabolite, ndipo chipatala chanu chili kutali ndi labu, igulani, ndipo pa bajeti yomweyo muikepo batire yachiwiri ndi kachipangizo kotumiza uthenga pafoni.