Wadiropu ya m'katoni ija patha miyezi 9, nazi zomwe ndaona

Mu June chaka chatha ndinagula wadiropu ndi kashelefu ka mabuku, zija zimabwera m'makatoni nkukamanga wekha kunyumba. Ndinagula ku Limbe, makatoni awiri basi, nkukweza mu minibasi mpaka Zomba, kondakitala anangondilipiritsa mpando umodzi wa katundu. Chinandikopa ndi chimenecho, ndimakhala nyumba ya lendi ku Matawale ndipo chitseko cha kuchipinda ndi chaching'ono, ya kalipentala ikanafuna galimoto ya hayala ndi anthu oinyamula. Komanso kalipentala wina ku Chinamwali ananditchulira mtengo pafupifupi kawiri pa ya paini, ya mlombwa ndiye sindinafunse nkomwe.

Kumanga kwake kunatidyera tsiku. Kapepala kake kali ndi zithunzi zokhazokha opanda mawu, ine ndi alamu anga tinayamba 2 koloko masana nkumaliza usiku ndi tochi ya foni magetsi atazima, sikuluu imodzi munalibe ndipo bowo lina silimayang'anizana ndi linzake. Koma itaima inali yokongola zedi, yoyera, yosalala, mpaka October ndinalibe dandaulo lililonse.

Mavuto anabwera ndi mvula. Amene mumakhala kuno mukudziwa chinyezi cha mu January, nkhungu ikatsika m'phirimu zovala zimatha masiku osauma. Wadiropu imeneyi si thabwa lenileni ayi, ndi chipboard, tizidutswa ta mitengo ndi utuchi zomatidwa ndi guluu, pamwamba nkukutira kapulasitiki konyezimira. Madzi akangolowa m'mphepete mosakutidwamo imafufuma ngati buledi woviika mu tiyi ndipo sibwereranso mwakale. Yanga inakhala pa simenti penipeni ndiye tikamakolopa imamwa madzi pang'onopang'ono ife osadziwa, pofika February pansi ponse panali patafufuma nkumanyenyeka. Kathabwa kopyapyala kakumbuyo kaja kanachita chuku chifukwa ndinaigunditsa kukhoma, suti yanga yopitira kutchalitchi inayamba kununkha, zimenezi ndiye zinandiwawa kwambiri. Chitseko chimodzinso chinalendewera, sikuluu ya hinji imangozungulira osagwira.

Ndinabwerera kwa kalipentala yemwe uja. Bamboyo sanandinyoze, anabwera nkuikamo timiyendo ta paini kuti isakhudze pansi, mabowo okula aja anatsekamo timitengo ndi guluu, nkundiuza kuti ndisiye mpata pakati pa wadiropu ndi khoma mphepo izidutsa. Zathandiza ndithu, fungo linatha. Abale ngati mwagula kale chitani zimenezi tsiku loyamba lomwe, musadikire mvula.

Kashelefu ndiye ndilibe nako mlandu. Kali pabalaza pouma, thabwa lapakati linangopindika pang'ono nditaunjikapo mabuku olemera, nditawatsitsa m'munsi basi kali bwinobwino. Kameneka nditha kugulanso mawa. Wadiropu ayi, ndikaphatikiza zomwe ndalipira pokonzetsa ndayandikira ndithu mtengo wa paini uja, ndipo pansi pofufumapo sipangakonzeke.

Mu April ndikusamuka, alandilodi akweza lendi. Ndinagula poganiza kuti ndizingomasula nkubwezera m'katoni, koma kalipentala uja wandichenjeza kuti chipboard ukaimasula masikuluu sagwiranso ngati poyamba. Ndiye ndikufuna pikapu yoti ikanyamule yathunthu, ndipo tikuganiza zoyamba tazula chitseko cha kuchipinda kuti ituluke.