Avidemux 2.8.1: imalunzanitsa mawu ndi milomo, koma fayilo yodukaduka imaikanika

Nyenyezi 4 mwa 5.

Anzathu amene mumajambula mapulogalamu a ZBC kapena masiteshoni ena aulere pa fulashi kudzera pa dikoda, n'kumawasandutsa MP4 kuti aonereke pa foni, vutoli mukulidziwa: wowerenga nkhani watseka kale pakamwa koma mawu akadatulukabe. Avidemux, pulogalamu ya pa kompyuta yodulira ndi kusandutsira mavidiyo, taiyesa kuno ku Harare pa mafayilo amtunduwu, a .ts amene dikoda imalemba. Ndi yaulere, siilemera pa kompyuta yakale, ndipo mukaikoka kamodzi siifunanso intaneti. Koma siichiza matenda onse, n'chifukwa chake muyambe mwadziwa chimene fayilo yanu ikudwala.

Tsegulani fayilo mu VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo, muone malo atatu: poyambirira, pakati ndi kumapeto. Sankhani pamene munthu akulankhula kamera ili pafupi, muyang'anitsitse milomo ikamakumana potchula p, b kapena m. Mpira si woyesera, poti kulira kwa mpira kumachedwa kale kufika pa maikolofoni. Batani la K limachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 50, la J limawafulumizitsa. Dinani mpaka zigwirizane, mulembe nambala ya malo aliwonse.

Nambala ikafanana malo onse atatu, apa ndiye Avidemux ilibe mnzake. Video Output ndi Audio Output musiye pa Copy, chongani kabokosi ka Shift, lembani nambala ija, sankhani MP4 Muxer kapena MKV Muxer, sungani. Popeza palibe chikuphikidwanso, fayilo ya ola lathunthu imatha m'mphindi zochepa ndipo chithunzi sichiwonongeka ngakhale pang'ono. Yambani mwasunga kachidutswa ka mphindi imodzi kuti mutsimikize ngati nambalayo ikufuna chizindikiro chochotsera kapena ayi. Ndipo musavutike kusaka ziro weniweni. TV ya kuno imayenda pa mafelemu 25 pa sekondi, felemu imodzi ndi mamilisekondi 40, kusiyana kochepera pamenepo diso silikugwira. Chimene chimasowetsa mtendere msanga ndi mawu otsogola, kuposa otsalira.

Pochotsa malonda mukadali pa Copy, yendani ndi mivi ya m'mwamba ndi m'munsi kuti mudule pa keyframe, felemu yokhala ndi chithunzi chathunthu chosadalira mafelemu ena. Mukadula pena paliponse chithunzi chimaphwanyika polumikizira, ndipo pulogalamuyi imachenjeza. Chenjezolo limvereni.

Kusiyana kukamakula pang'onopang'ono, kawirikawiri wolakwa ndi amene anasintha liwiro la mafelemu. Avidemux ili ndi zosefera ziwiri za mayina osokoneza. Change FPS imatalikitsa kapena kufupikitsa chithunzi, mawu n'kuwasiya momwe analili. Kuchoka pa 25 kupita pa 23.976, ola limodzi limatalika ndi mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka. Resample FPS ndiyo imasunga utali. Mayinawa bwenzi atawasiyanitsa bwino, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Zojambula za kuno zisiyeni pa 25.

Nyenyezi yachisanu yagwera pa vuto lachitatu, lomwenso ndi lofala kuno kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mvula yamabingu ikaphimba dishi, chithunzi chimaphwanyika timabokosi, mawu n'kumadukaduka, ndipo dikoda imalemba fayilo yamabowo. Mu .ts kachidutswa kalikonse ka mawu ndi ka chithunzi kali ndi chidindo cha nthawi yake, ndiye VLC imalumpha bowolo n'kupitiriza bwinobwino. Posandutsa, mawu akalumikizidwa osasiya mpata wa zimene zinatayika, amayamba kutsogola kuchokera pamenepo, ndipo bowo lililonse limawonjezerapo. Chizindikiro chake n'chakuti mphindi 20 zoyamba zili bwino, kenako mwadzidzidzi zasiyana. Shift ndi nambala imodzi ya fayilo yonse, mukakonza kumapeto mwawononga koyambirira. Mabowo akakhala awiri kapena atatu mutha kudula zigawo, chilichonse ndi Shift yake. Akachuluka, fayiloyo idutseni kaye mu ffmpeg, pulogalamu ina yaulere yoyendera malamulo olemba ngati ili:

ffmpeg -fflags +genpts -i cholowa.ts -c:v copy -af aresample=async=1 -c:a aac chotuluka.mkv

Lamuloli limatseka mabowo a mawu ndi kachetechete motsatira zidindo zija, chithunzi osachikhudza.

China chomwe tayamikira: fulashi ya FAT32 siilola fayilo yoposa 4 GB, motero madikoda ambiri amagawa pulogalamu yaitali m'zidutswa za manambala otsatizana. Mukatsegula choyamba, Avidemux imafunsa ngati itenge zonse. Vomerani. Kusandutsa chidutswa chilichonse pachokha n'kudzalumikiza pambuyo kumabweretsa kusiyana polumikizira paliponse. Magetsi akathima mukujambula, chidutswa chomaliza chimathera panjira, ndiye dulani masekondi angapo akumapeto musanasunge.

Pulogalamuyi imasiya kafayilo ka .idx2 pambali pa .ts yanu. Mukakonza kapena kusintha .ts ija dzina lili lomwelo, fufutani kafayiloko kuti iwerenge mwatsopano, apo ayi izigwirabe ntchito ndi kalozera wakale.